Ng'ombe Yotunga Anthu ndi Fumbi la ku Kabwe

Acinyamata anzanga, m'buku la Eksodo mutu 21 muli lamulo lina limene sitiliwerenga kawirikawiri pa misonkhano yathu, mwina cifukwa lioneka ngati nkhani ya oweta ng'ombe cabe. Lamuloli likamba za ng'ombe imene yapha munthu ndi nyanga zake. Ngati ndi koyamba, ng'ombeyo iphedwa, koma mwini wake alibe mlandu. Koma ngati inali ndi khalidwe lotunga anthu kuyambira kale, ndipo anansi anamuuza mwini wake, iye osaimanga, pamenepo mlandu wa imfa ugwera iyeyo. Taonani bwino: ng'ombe ndi yomweyo, nyanga ndi zomwezo, maliro ndi amodzimodzi. Cimene casintha ndi cimodzi cokha, cakuti munthuyu anali atauzidwa.

Ndifuna tiganizire pamodzi za anthu amene nchito yao ndi kuuza mwini ng'ombe. Awa ndi madotolo ndi akatswiri ofufuza, amene atenga dothi, madzi, mpweya ndi magazi a anthu, nayesa kupeza ngati matenda amene afala pamalo acokera ku zoipa zotayidwa ndi migodi ndi mafakitale. Funso langa ndi ili: munthu akayeza magazi a mwana napezamo poizoni, kodi nchito yake yatha pamene walemba nambala papepala? Nanga nambalayo ikamveka, ndani amene ali ndi mangawa tsopano, ndipo ndi mangawa otani? Sitifunika kuoloka nyanja kuti tipeze citsanzo. Tili naco pano pa Zambia, ku Kabwe.

Ambiri a inu mwadutsapo ku Kabwe pa basi, pa ulendo wocoka ku Lusaka kupita ku Migodi. M'caka ca 1902 mzungu wina wofufuza miyala, T. G. Davey, anapeza mtovu ndi zinki pamalopo, nawacha Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Kwa zaka pafupifupi 90 mgodi ndi ng'anjo yake yosungunula miyala zinagwira nchito, kufikira mgodi unatsekedwa mu 1994. Utsi wa ng'anjoyo unali kugwa monga fumbi pa makomboni oyandikana nao, monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mgodi unatsekedwa, koma mtovu, umene ena angoucha kuti ledi, suola monga ziolera zinyalala za kukhichini. Ukali m'dothi. Phiri la zotsala za mgodi, limene anthu alicha Black Mountain monga lija la ku Kitwe, lili ndi matani mamiliyoni angapo, ndipo mphepo ya mu August ikakuntha fumbi lake lilowa m'nyumba za anthu popanda kuodira.

Cimene ciopsa pa mtovu ndi cakuti sudzionetsa. Utsi wa nkhuni ukalowa m'maso, munthu agwetsa misozi nthawi yomweyo nathawa. Madzi a pacitsime coipa atsegula m'mimba usiku womwewo, ndipo mmawa mudzi wonse udziwa citsime cimene calakwa. Mtovu ulibe fungo, suwawa pakamwa, ndipo fumbi lake silisiyana ndi fumbi lina lililonse. Mwana wokwawa agwira pansi, aika dzanja m'kamwa, monga acitira ana onse a pa dziko lapansi. Bungwe loona za umoyo la WHO linena kuti thupi la mwana wamng'ono limwa mtovu kanai kapena kasanu kuposa thupi la wamkulu. Thupilo liuyesa calcium, cija cimanga mafupa, motero liusunga m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri. Mtsikana amene anakulira m'fumbi lotere akadzakhala ndi pakati, mtovu uja ucoka m'mafupa ake nubwerera m'magazi, nufika kwa mwana amene sanaone ngakhale dzuwa. Ukaculuka kwambiri mwana akomoka, agwa ngati wakhunyu, ena amwalira. Koma kwa ana ambiri sufika pamenepo. Ungocepetsa magazi, uwawitsa m'mimba, ndipo mwakacetecete uononga ubongo umene ukali kukula. Cimene caonongeka m'ubongo sicibwerera.

Tsono taganizani za mwana wotere pa sukulu, pamalo pamene palibe amene anayezapo kanthu. Ali mu Giredi 4 koma kuwerenga kumukanika. Sakhazikika pa benchi, akwiya msanga, aiwala zimene wauzidwa. Kodi anthu adzati ciani? Aphunzitsi adzati ndi waulesi. Akucimuna adzati watengera kwa amai ake, akucikazi adzati watengera kwa atate ake. Akagwa nayamba kuphupha, simucedwa kumva kuti walodzedwa, ndipo zala ziloza agogo ena a kumapeto kwa komboni amene alibe owateteza. Anthufe sitikonda tsoka lopanda mwini. Ophunzira a Yesu omwe, ataona munthu wobadwa wakhungu pa Yohane 9, anathamangira kufunsa kuti wocimwa ndani pakati pa iye ndi makolo ake, ndipo Ambuye anakana zonse ziwiri. Apa ndipo ndiona ulemu wa nchito yofufuza. Kabotolo kamodzi ka magazi kangathe kucotsa mlandu pamutu pa mwana, pa amai ake ndi pa agogo aja. Amene anena kuti kafukufuku ndi masewera a anthu ofuna madigiri sanaganizepo za anthu amene anamiziridwa pamene coonadi sicidziwika.

Komatu kupeza coonadi cotere si kwapafupi, ndipo ndifuna mumvetse cifukwa cake, pakuti ndi pomwe pabisala onse ofuna kuzemba. Ana okhala pafupi ndi mgodi kapena fakitale kawirikawiri ndi ana a anthu osauka. Sadya mokwanira, adwala malungo, kalasi yao ndi yodzaza, makolo ao sanapite patali ndi maphunziro. Tsono akalephera mayeso, udziwa bwanji kuti ndi mtovu osati njala? Sungatenge ana 100 ndi kuwadyetsa poizoni kuti uone cimene cidzacitika. Wofufuza ayenera kuyenda njira yozungulira, kuyerekeza ana ofanana m'zonse kupatula cinthu cimodzi cimene acikayikira, ndipo njira yotere ifuna zaka ndi kuleza mtima. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Dotolo wa ana wa ku America, Herbert Needleman, anapeza njira yocenjera. Magazi aonetsa makamaka mtovu umene walowa posacedwa, koma dzino lisunga wa zaka. Iye anapempha masukulu a m'matauni awiri pafupi ndi Boston, Chelsea ndi Somerville, kuti asonkhanitse mano a ubwana pamene aguluka, ndipo anapeza mano a ana oposa 2,000. Anayeza mtovu m'manomo, nayerekeza ndi nzeru ndi khalidwe la anawo m'kalasi, atawerengera kale zinthu zina monga maphunziro ndi kapezedwe ka makolo. Zimene anafalitsa mu 1979 zinaonetsa kuti ana a mtovu wambiri anali kutsalira m'mbuyo, ngakhale kuti sanali kuoneka odwala. Anawatsatanso patapita zaka 11, napeza kuti ana omwewo ndiwo anali kulephera kwambiri kutsiriza sekondale. Mphotho yake inali yotani? Mu 1991 akatswiri ena awiri, amene anaimira mbali ya makampani pa mlandu wina wa mtovu, anamuneneza kuti anacita cinyengo. Anafufuzidwa kwa nthawi yaitali, ndipo sanapezeke ndi mlandu wa cinyengo. Wakutsina khutu ndi mnansi, amatero akulu, koma si onse otsinidwa khutu amene athokoza.

Pali manambala ena amene ndifuna muwaone. Madotolo ayeza mtovu m'mamaikilogalamu pa desilita imodzi ya magazi. Ife tingosunga nambala yake. M'zaka za m'ma 1960 ku America mwana anali kuyesedwa kuti ali pangozi akapitirira 60. Mu 1975 malire anatsitsidwa kufika pa 30, mu 1985 pa 25, mu 1991 pa 10, mu 2012 pa 5, ndipo mu 2021 pa 3.5. WHO inena kuti palibe mlingo uliwonse wa mtovu m'magazi umene udziwika kuti ndi wosavulaza. Mtovu sunasinthe m'zaka zonsezi. Mwana wa 40 amene anabwezedwa kunyumba mu 1965 kuti ali bwino anali kuonongeka mofanana ndi wa 40 wa lero, kungoti panalibe wodziwa. Onaninso kuti nambalayi yayenda njira imodzi yokha, yotsika. Pa sitepe iliyonse, amene anati musade nkhawa ndiwo anapezeka olakwa. Kafukufuku wotere ndiye anathandiza kuti mtovu ucotsedwe m'petulo. Maiko a kuno kumwera kwa cipululu ca Sahara analeka petulo wa mtovu pofika kuciyambi kwa 2006, ndipo Algeria inali yotsiriza pa dziko lonse mu 2021. Cotero kuyeza sikupita pacabe nthawi zonse.

Sungani nambala 5 ija m'mutu, tibwerere ku Kabwe. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 dotolo wa pa mgodi, A. R. L. Clark, anayeza dothi, mpweya ndi magazi a ana, ndipo mu 1975 analemba zimene anapeza: kuti ana a m'makomboni oyandikana ndi mgodi, makamaka ku Kasanda kumene mphepo inali kutengera utsi, anali ndi mtovu woopsa. Patapita zaka 40, mu 2015, Dr John Yabe wa pa University of Zambia ndi anzake a ku Hokkaido University ku Japan anafalitsa zimene anapeza atayeza ana ang'onoang'ono 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Panalibe ngakhale mmodzi amene anali pansi pa 5. Oculuka ndithu anapitirira 45, pamene madotolo ayamba kuganiza zopereka mankhwala ocotsa mtovu m'thupi. Mmodzi anapitirira 400. Pakati pa zaka zimenezi, mu 2007, bungwe la Blacksmith Institute linaika Kabwe pa mndandanda wa malo 10 oipitsidwa kwambiri pa dziko lonse. Mwana amene Clark anamuyeza, ngati ali moyo, lero ali ndi imvi, ndipo nkutheka kuti mwana kapena mdzukulu wake ndiye anatambasula dzanja kwa Yabe. Palibe anganene kuti mwini ng'ombe sanauzidwe.

Pali mau amene mudzawamva nthawi zonse nkhani yotere ikabuka: "Nkhaniyi ifunika kufufuzidwanso." Sindifuna muwanyoze mauwa, cifukwa nthawi zina ndi oona. Kunamizira kampani ndi chimo monga kunamizira agogo aja. Fakitale ikatsekedwa cifukwa ca mphekesera, mabanja agona ndi njala, ndipo anthu a ku Kabwe adziwa bwino mmene tauni inazizirira mgodi utatsekedwa. Anyamata amene akumba miyala ndi manja pa Black Mountain kuti akagulitse si opusa ai. Adziwa kuti fumbilo ndi loipa, koma mtovu upha mawa pamene njala ipha lero. Munthu wokhuta asawaweruze msanga.

Koma mau omwewo angathe kukhala phanga lobisalamo. Tizindikira bwanji? Ine ndingofunsa funso limodzi: pamene tiyembekeza zotsatira, ng'ombe ili kuti? Ngati mwini wake waiika m'khola nati tiyeni tione bwino ngati ndi yolusadi, ameneyo afufuza moona mtima. Koma ngati ng'ombe ikali kudya msipu pakati pa ana, iye nangoitana komiti ina, ndiye kuti wasankha kale kuti mtengo wa kuyembekeza ulipidwe ndi ana a eni. Katswiri wa ku Britain, Austin Bradford Hill, mmodzi wa amene anaonetsa kuti fodya abweretsa khansa ya m'mapapo, anakamba ku London mu 1965 kuti nchito ya sayansi siifika pothera, ndipo mawa ingathe kusinthidwa ndi nzeru yatsopano, koma zimenezi sizipatsa munthu cilolezo ca kunyalanyaza zimene adziwa kale. Taikani zinthu ziwirizi pa sikelo. Tikakwirira dothi loipa ndipo pambuyo pake nkupezeka kuti silinali loopsa monga tinaganizira, tataya ndalama, ndipo ndalama zipezekanso. Tikayembekeza zaka 10 ndipo nkupezeka kuti linali loopsadi, ana amene anali kukwawa nthawi imene ija afika kale mu Giredi 5 ndi ubongo wao wotero. Mwana sakhala wa zaka ziwiri kawiri. Madzi akatayika saoleka.

Tsopano ndifike pamene pandivuta kwambiri. Tanena kuti wouzidwa ndiye ali ndi mlandu. Nanga amai a ku Makululu amene apatsidwa kapepala kolembedwa kuti mwana wao ali ndi 70? Iwonso auzidwa tsopano. Auzidwa kuti azisambitsa mwana m'manja asanadye, azikolopa ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa, azithira madzi pabwalo, asamulole kusewera m'dothi, azimupatsa mkaka, kapenta ndi ndiwo zamasamba kuti thupi lisamwe mtovu wambiri. Awa ndi malangizo abwino, athandizadi, ndipo inu amene muli ndi abale kumeneko muziwakumbutsa. Koma madzi m'komboni agulidwa pa cigubu. Mwana wa zaka ziwiri sungamuletse kugwira pansi pokhapo umubereke kumsana kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa. Akalandira mankhwala kucipatala nambala itsika, koma abwerera pabwalo lomwelo, ndipo nambala ikweranso. Ndiye akadwala, wina wa mu ofesi adzati, "Koma tinawauza." Mwaona cimene cacitika? Kafukufuku amene anayenera kucotsa mlandu pamutu pa mai waubweza pomwepo, ndipo tsopano uli ndi cidindo ca cipatala.

Werenganinso lamulo lija. Silikamba za aliyense amene anamva kuti ng'ombe ndi yolusa, pakuti mudzi wonse unamva. Likamba za mwini wake, amene ali ndi cingwe ndi khola. Ine ndimva motere: kudziwa kubweretsa mangawa, inde, koma mangawawo alemera molingana ndi cingwe cimene munthu ali naco m'manja. Mai ali ndi kacingwe kakang'ono, beseni ndi sopo, ndipo ayenera kukagwiritsa nchito. Boma, khonsolo ndi makampani amene anadya phindu la mgodi ali ndi cingwe cacikulu: angathe kukwirira phiri lija, kucotsa dothi loipa pa mabwalo a nyumba ndi a masukulu, kuika tara m'misewu ya m'komboni. Kuphunzitsa osauka ukhondo ndi kusiya phiri lili poyera kuli ngati kusiya ng'ombe pabwalo ndi kuuza ana a m'mudzi kuti aphunzire liwiro.

Nanga wofufuza, cingwe cake ndi cotani? Iye alibe mathirakitala. Ena ati nchito yake ndi kuyeza ndi kulemba basi, zotsala ndi za andale. Muli nzeru m'mau amenewa, pakuti wofufuza akayamba kuonjezera manambala kuti anthu acite mantha, tsiku lina adzagwidwa, ndipo pamenepo ngakhale zoona zake sizidzakhulupiridwa. Koma magazi a mwana si mwala umene ungotola m'njira. Mumzinda wa Baltimore ku America, m'zaka za m'ma 1990, ofufuza a ku Kennedy Krieger Institute anafuna kudziwa njira yochipa yocepetsera mtovu wa m'penti yakale m'nyumba za osauka. Nyumba zina zinakonzedwa kwambiri, zina pang'ono, mabanja a ana ang'ono anakhalamo, ndipo ofufuza anali kuyeza magazi a anawo. Makolo ena anapita kukhoti, akuti sanacenjezedwe mokwanira ndiponso pa nthawi yake. Ofufuzawo anayankha kuti nyumba zonsezo zinali zabwino kuposa zimene mabanjawo akanakhalamo, ndipo kuti colinga cinali kuthandiza ana zikwi. Mwina colinga cinali cabwinodi. Koma mu 2001 khoti lalikulu la Maryland linagamula kuti wofufuza angathe kukhala ndi udindo kwa mwana amene amufufuza, ndipo linadzudzula kwambiri kafukufukuyo. Ana a mawa sangakhale cifukwa coiwalira mwana amene waima patsogolo pako lero.

Cotero ine nditi amene watenga magazi a mwana wakongola kwa mwanayo. Ayenera kubweza zotsatira kwa makolo m'cinenero cimene amva, asangozitumiza ku magazini ya ku Ulaya. Ayenera kuwaonetsa kumene angapeze thandizo, ndipo ayenera kufikitsa manambala kwa a cingwe cacikulu aja, nabwerezanso akapanda kumva. Mu 2019 bungwe la Human Rights Watch linapeza kuti zipatala za boma ku Kabwe zinalibe zoyezera mtovu ngakhale mankhwala ake. Taganizani, tauni imene akatswiri a maiko akutali anaiyeza ndi kuilemba, mai wa komweko sakanatha kuyezetsa mwana wake pa kiliniki ya kwao! Kunena zoona, zina zinacitika. Kumapeto kwa 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola oposa 60 miliyoni yokonzera malo oipitsidwa ndi migodi ku Kabwe ndi m'matauni ena a ku Migodi, ndipo pambuyo pake ana zikwi anayezedwa, ena nalandira mankhwala. Koma musaiwale liu lakuti ngongole. Amene adzaibweza ndi inu ndi ine, pamodzi ndi ana omwe aja a ku Kasanda akadzayamba kulipira msonkho.

Funso lakuti mwini ng'ombe ndani linafika ndi kukhoti. Mu October 2020 maloya oimira ana ndi amai a ku Kabwe, amene akuti angafike 140,000, anasumira kampani ya Anglo American South Africa ku Johannesburg, akuti inali ndi dzanja pa kayendetsedwe ka mgodi kuyambira 1925 kufika 1974. Kampaniyo inakana, niti sinali mwini wa mgodiwo, ndipo inaloza ku ZCCM, kampani ya boma imene inali ndi mgodi pamene unatsekedwa. Mu December 2023 khoti linakana kuti mlanduwo uzengedwe monga wa gulu, ndipo mu 2024 odandaula analoledwa kucita apilo. Ine sindine woweruza, ndipo m'zaka 90 ng'ombe inasinthadi manja kangapo. Ndingoona kuti khanda limene linali kumsana pamene mapepala anaperekedwa kukhoti mu 2020, lero lavala yunifomu.

Mwina muti zonsezi ndi za akuluakulu. Koma pakati pa inu amene muwerenga tsambali pali amene aphunzira unesi, ena za mu labu, ena za umoyo wa m'madera, ena uinjiniya wa migodi. Nchito yoyeza siidzatha msanga m'dziko lathu. Pa 18 February 2025 dziwe la zotsala za asidi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linaphulika ku Chambishi, zoipa zinalowa mumtsinje wa Mwambashi ndi wa Kafue, nsomba zinafa, ndipo madzi a m'mipope ku Kitwe anatsekedwa kwa masiku. Nsomba zakufa zioneka ndi maso tsiku lomwelo. Zimene zakhazikika m'matope ndi m'minda zidzafuna anthu oyeza kwa zaka zambiri, ndipo ena a iwo mudzakhala inu. Ambiri a inu amene adzakulembani nchito ndi mwini ng'ombe yemweyo. Tsiku lina makina adzakuonetsani nambala yoipa, ndipo bwana amene asaina malipiro anu adzati, "Iyi tiyambe taisunga." Kunyumba kuli mkazi, kuli ana, kuli ang'ono anu amene muwalipirira sukulu.

Munthu wina anaimapo pamalo amenewo, ku Japan. Dr Hajime Hosokawa anali mkulu wa cipatala ca kampani ya Chisso, imene inali ndi fakitale ya mankhwala m'tauni ya asodzi ya Minamata. Pa 1 May 1956 iye ndiye anadziwitsa a zaumoyo kuti kwabuka matenda acilendo. Anthu anali kulephera kuyenda ndi kulankhula, amphaka anali kuzungulirazungulira nagwera m'nyanja. Mabanja a odwala anasalidwa, popeza anansi anayesa kuti ndi matenda opatsirana. Akatswiri a ku Kumamoto University anayamba kukayikira mercury ya m'madzi otayidwa ndi fakitale, imene inali kulowa m'nsomba. Kampani inati umboni ndi wosakwana. Hosokawa anayamba kufufuza yekha. Mu July 1959 anayamba kusakaniza madzi a m'fakitale m'cakudya ca amphaka, ndipo mu October mphaka wolembedwa nambala 400 anadwala matenda omwe aja. Anauza akuluakulu a kampani. Iwo analetsa kafukufukuyo, ndipo zotsatira sizinalengezedwe.

Musamuyese munthu woipa mtima. Anali dotolo amene anasamalira odwalawo ndi manja ake, ndiye anayamba kuliza belu, ndiye anapeza umboni. Analinso ndi cifukwa comveka, pakuti mphaka mmodzi si umboni wokwana m'maso mwa sayansi. Anakhala cete, ndipo mu 1962 anasiya nchito nabwerera kwao. Fakitale inapitiriza kutaya mercury m'nyanja kufikira 1968, caka cimene boma la Japan linavomereza poyera kuti matendawo acokera ku Chisso. M'zaka zonsezo asodzi anali kudya nsomba, ndipo amai ena amene sanali kuoneka odwala anabala ana olumala.

Mu July 1970 odwala anali atasumira kale kampani, ndipo Hosokawa anali gone m'cipatala ndi khansa ya m'mapapo. A khoti anamutsata pa bedi pomwepo. Anacitira umboni za mphaka nambala 400, ndi kuti akuluakulu a kampani anauzidwa mu 1959. Anamwalira mu October caka comweco. Mu March 1973 khoti la ku Kumamoto linagamula kuti Chisso ili ndi mlandu, ndipo linailamula kulipira odwala. Kucokera tsiku limene mphaka uja anadwala kufikira tsiku la ciweruzo panapita zaka 13 ndi miyezi isanu.